Mmene Mbewu Imadziwira Nthawi Yodziteteza

Pulogalamu ino ndi ya omvera a m'tawuni ya Milange, a m'munsi mwa phiri la Tumbine, ndi a kutsidya kwa Muloza. Yakwana nthawi ya sayansi ya kumunda, ndipo nkhani ya lero ndi ya mmene mbewu imadzitetezera ku matenda.

Mbewu ilibe miyendo yothawira, ndipo ilibe asilikali a m'magazi ngati munthu. Komabe m'munda mukagwa matenda si mbewu zonse zimene zimafa. Nandolo wina amafota, woyandikana naye n'kukhalabe wobiriwira mpaka kukolola. Asayansi atafufuza anapeza kuti nthawi zambiri mbewu ziwirizi zimakhala ndi zida zofanana ndithu. Zimasiyana pa nthawi imene iliyonse yatulutsira zidazo, ndi kuchuluka kwake. Ina imamuzindikira mdani akangofika, ina imadzidzimuka madzi atafika kale m'khosi. Mfundo yoti isungidwe kuyambira pano ndi iyi: chitetezo cha mbewu chimakhala chotsekeredwa, ndipo pali mapuloteni apadera amene amachitsegula nthawi yake ikakwana.

Nkhaniyi iyambira m'kati mwa selo, ipite pa mpweya umene umapsetsa nthochi, kenako pa adani a mitundu iwiri, ndipo idzathera m'minda ya mpunga, ya nandolo ndi ya nthochi.

Thupi la chomera chilichonse linapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, tosaoneka ndi maso. M'kati mwa selo muli nyukiliyasi, ndipo mmenemo ndimo mumasungidwa DNA, ulusi wautali wokhala ndi malangizo onse a chomeracho. Kachigawo kamodzi ka malangizowo, konena za kapangidwe ka puloteni imodzi, ndiko kamatchedwa jini. Akachuluka ndi majini. Osati majini aja a mizimu, ayi, awa ndi a sayansi. Chimanga chili nawo oposa 30,000, mpunga chimodzimodzi.

Selo ya kumuzu ndi selo ya kutsamba zili ndi majini ofanana. Muzu wa chinangwa uli ndi malangizo onse opangira duwa, koma supanga duwa. Zili choncho chifukwa majini ambiri amakhala chitsekere. Zili ngati nyumba yaikulu yosungira katundu, ya zipinda zambirimbiri, chilichonse ndi loko wake: katundu alimo, koma satuluka mpaka wosunga kiyi wa chipindacho atafika. Osunga makiyiwo ndi mapuloteni amene asayansi amawatcha ma transcription factor, ndipo mu pulogalamu ino azitchedwa otsegula majini. Aliyense ali ndi malo ake pa DNA, kachizindikiro kakafupi kamene kamakhala kutsogolo kwa jini. Akakakamira pamenepo, selo imayamba kukopera malangizo a jinilo, puloteni n'kupangidwa. Wotsegula mmodzi amatha kutsegula majini makumimakumi nthawi imodzi, bola onsewo akhale ndi kachizindikiro kake. Aliponso ena a banja lomweli amene ntchito yawo ndi kutseka.

Wina angafunse kuti, nanga mbewu imalekeranji kusiya chitetezo chake chili chotsegula usana ndi usiku? Chifukwa n'chodula. Asayansi ali nazo zomera zimene chitetezo chawo sichitsekeka. Matenda ambiri amazilephera, inde, koma zomerazo zimapinimbira, masamba aang'ono, njere zochepa. Chakudya chimene chikanadzaza njere chimathera ku zida. Palibe mlimi amene angabzale mbewu yotere kawiri. N'chifukwa chake mbewu imadikira chizindikiro.

Chimodzi mwa zizindikirozo ndi mpweya, ndipo apa ndi pamene nkhani ikulowa mumsika.

Amayi ogulitsa nthochi pamsika wa Milange kapena wa Limbuli amaudziwa bwino mpweya umenewu, ngakhale dzina lake sanalimvepo. Mkoko ukadulidwa uli wauwisi, amauvundika. Ena amauika m'dzenje loyalamo masamba a nthochi, ena m'thumba kapena mumgolo wotseka, ena amafukizirako utsi, ena amaponyamo peyala lakupsa. Pakapita masiku ochepa nthochi zimatuluka zachikasu, zofewa, fungo lili guu. Chimene chagwira ntchito ndi mpweya wotchedwa ethylene. Nthochi zimaupanga zokha. Kuvundika kumangouunjika malo amodzi kuti usapite ndi mphepo. Utsi nawo uli ndi ethylene, ndipo peyala lakupsa limatulutsa wambiri.

Asayansi anachedwa kuzindikira zimene amayi ankachita kale. Mu 1901, wophunzira wina wa ku St Petersburg, Dimitry Neljubow, anaona kuti nsawawa zomera mu labotale zinkakula mwachilendo: tsinde lalifupi, lonenepa, lolowera cham'mbali m'malo mokwera. Anapeza kuti chinkazichititsa ndi ethylene wochokera ku gasi wa nyale za m'nyumbamo. Mu 1934, Richard Gane wa ku England anasonyeza kuti maapozi akupsa amautulutsa okha mpweyawu, ndipo mu 1979 Shang Fa Yang ndi mnzake Douglas Adams ku California analongosola njira imene selo imaupangira.

Koma ethylene si wopsetsa zipatso pokha. Mbewu imamutulutsanso ikavulala, ikamira m'madzi, ndiponso ikagwidwa ndi matenda. Nthochi zimene zagundanagundana panjinga mumsewu wa mabampu zimapsa msanga n'kuwolanso msanga, chifukwa bala lililonse limawonjezera ethylene.

Nanga selo imaumva bwanji mpweya? Yankho linapezeka pa kachomera kakang'ono ka banja la mpiru kotchedwa Arabidopsis, kamene asayansi amakakonda chifukwa kamakula ndi kubereka m'masabata ochepa. Mu 1993, Caren Chang ndi anzake ku California anapeza puloteni imene imalandira ethylene m'kati mwa selo. Ili ndi kachidutswa ka kopa, ndipo pamenepo ndi pamene mpweyawu umakakamira. Chodabwitsa chake n'chakuti puloteni yolandirayi imagwira ntchito pamene ethylene palibe. Ntchito yake ndi kuletsa. Nthawi yonseyo selo imakhala ikupanga wotsegula majini wamkulu wotchedwa EIN3, koma akangopangidwa amaphwanyidwa. Apangidwe wina, aphwanyidwanso. Kungoona, zikuoneka ngati kuwononga. Komatu ndi mmene mbewu imapezera liwiro. Ethylene akafika, woletsa uja amatha mphamvu, kuphwanya kumaleka, ndipo pasanathe ola EIN3 amakhala atachuluka mu nyukiliyasi, ali pa ntchito. Selo sinafunike kuyamba kumupanga, inangosiya kumupha.

Tsono mfundo ija yabweranso: zida zilipo kale, wotsegula alipo kale, chimene chimadikiridwa ndi chizindikiro.

EIN3 sachita zonse yekha. Mwa majini amene amatsegula muli ena opanga otsegula anzake, a gulu lotchedwa ERF, ndipo amenewa ndi amene amafika pa zida zenizeni. Mbiri yawo inayambira pa fodya, yemweyu amene alimi ena a kuno amalima. Asayansi anali ataona kuti majini ambiri a chitetezo a m'fodya, amene amatseguka kukabwera ethylene, ali ndi kachizindikiro kofanana kutsogolo kwawo, ka zilembo 7 zokha za DNA. Anakatcha GCC box. Mu 1995, Masaru Ohme-Takagi ndi Hideaki Shinshi ku Japan anapeza mapuloteni anayi a m'fodya amene amakakamira pa kachizindikiroko. Amenewo ndiwo anali oyamba kudziwika a gululi. Lero zikudziwika kuti ndi banja lalikulu. Mpunga wokha uli ndi majini ake oposa 100.

Zimene amatsegula n'zoopsa kwa mdani. Khoma la tizilombo ta mtundu wa chuku, timene asayansi amati mafangayi, limalimba ndi chinthu chotchedwa chitin, chomwe chija chimalimbitsa chikhungwa cha ziwala. Mbewu ilibe chitin m'thupi mwake, koma ili ndi jini lopanga puloteni yosungunula chitin. Ikatuluka puloteniyo, nsonga ya kachilombo kamene kakuboola tsamba imaphulika. Tizidutswa ta khoma losungunukalo timamvekanso ndi maselo oyandikana, nawonso n'kudzuka. Palinso timapuloteni ting'onoting'ono toboola khungu la kachilombo, ndi ena othandiza kukhwimitsa makoma a maselo a mbewu kuti mdani asadutse. Mapuloteni oyamba a mtundu uwu, otuluka mbewu ikadwala, anaonedwa mu 1970 ku Netherlands ndi ku France, m'masamba a fodya wogwidwa ndi kachilombo ka mosaic.

Nkhondo ikatha pamafunika kutseka. Mu 2000 gulu lomwe lija la ku Japan linasonyeza kuti ma ERF ena, ngakhale amakakamira pa kachizindikiro komweko, amatseka jini m'malo molitsegula. Popanda iwo mbewu ikanapinimbira chifukwa cha matenda amene yawagonjetsa kale.

Matimati anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Pali bakiteriya wotchedwa Pseudomonas amene amachititsa timadontho takuda pamasamba ndi pazipatso zake. Mitundu ina ya matimati sigwidwa, chifukwa ili ndi jini lotchedwa Pto, lochokera ku matimati a kutchire a ku South America. Gregory Martin ndi anzake ku America analipeza jinili mu 1993, ndipo mu 1997 anapeza kuti puloteni yake, imene imazindikira bakiteriyayo, imalumikizana ndi otsegula majini atatu a banja la ERF lomwe lija. Wozindikira mdani ndi wotsegula zida anapezeka ali pafupi kwambiri.

Apa omvera angapume pang'ono n'kuganizira munda wawo: ndi mbewu ziti zimene chaka chatha zinadwala n'kuchira zokha, ndipo ndi ziti zimene zinangopita?

Gawo lotsatira ndi la adani, chifukwa si onse amene amadya mofanana.

Alipo adani amene amafuna selo yamoyo kuti aziyamwamo chakudya. Otere ndi mavairasi, dzimbiri la pamasamba, ndi chuku choyera chija chooneka ngati ufa pamasamba a maungu. Aliponso amene amayamba apha selo kenako n'kudya chowolacho. Pa mdani woyamba, mbewu ili ndi njira yankhanza koma yothandiza: imapha maselo ake ochepa ozungulira malo amene walowera, mdaniyo n'kufa ndi njala. Kadontho kouma kofiirira kamene kamaoneka patsamba nthawi zina si chizindikiro cha kugonja, koma cha kupambana. Koma kuchita zomwezo pa mdani wachiwiri ndi kumuphikira nsima. Choncho mbewu iyenera kusankha, ndipo ili ndi njira ziwiri.

Njira yoyamba imayendetsedwa ndi asidi wotchedwa salicylic, m'bale wake wa asipirini. Mu 1961, A. Frank Ross wa ku yunivesite ya Cornell anapaka kachilombo ka mosaic pamasamba a m'munsi a fodya wa mtundu wopirira. Panatuluka timadontho touma, matendawo n'kuthera pomwepo. Patapita sabata anapakanso pamasamba a pamwamba, amene sanakhudzidwepo. Timadontho ta ulendo uno tinali tating'ono kwambiri. Uthenga unali utayenda m'chomera chonse, ndipo masamba a kumtunda anali tcheru. Mu 1979, Raymond White ku England anabaya asipirini m'masamba a fodya ndipo mapuloteni a chitetezo aja anatuluka popanda matenda. Izi sizikutanthauza kuti mlimi akasinje mapiritsi n'kuthira m'munda. Asidiyu akachuluka amawaula masamba, ndipo pali chifukwa china chachikulu chimene chimveke posachedwapa.

Mwa otsegula majini ambiri amene amagwira ntchito m'njira imeneyi muli banja lotchedwa WRKY. Woyamba wa banjali anapezeka mu mbatata, ku Japan, mu 1994.

Njira yachiwiri imayendetsedwa ndi asidi wina wotchedwa jasmonic, ndipo iyi ndi ya adani owoletsa ndi a mbozi. Apa ndi pamene ethylene amaonetsa ukulu wake. Asidi wa jasmonic akakhala yekha, amadzutsa wotsegula majini wotchedwa MYC2, amene amatulutsa zida zolimbana ndi tizilombo totafuna, monga mapuloteni olepheretsa mbozi kugaya chakudya m'mimba. Akakumana ndi ethylene, amene amadzuka ndi ma ERF, ndipo zida zake zimakhala za mafangayi owoletsa. Zizindikiro ziwiri zokha, koma mbewu imatha kusiyanitsa nazo dzino la mbozi ndi chuku.

Ntchemberezandonda, zimene zinalowa m'minda ya chimanga kuno m'dzinja la 2016 mpaka 2017, zinathandiza asayansi kumvetsa mmene mbewu imadziwira kuti ikudyedwa. Mu 2006, Eric Schmelz ndi anzake ku Florida anazipatsa masamba a khobwe. Anapeza kuti mbozi ikadya tsamba, m'mimba mwake mumadukaduka puloteni ina ya tsambalo, ndipo kachidutswa kake kamabwerera pabala kudzera m'malovu a mboziyo. Khobwe amakazindikira kachidutswako kuti ndi ka thupi lake lomwe, ndipo nthawi yomweyo amatulutsa ethylene ndi asidi wa jasmonic. Chimanga nacho chikatafunidwa chimatulutsa fungo limene limaitana timavu ting'onoting'ono toikira mazira m'thupi mwa mbozi. Mlimi amene wapopera mankhwala opha chilichonse amaphanso timavu timeneti.

Vuto n'lakuti njira ziwirizi zimakankhana. Ya salicylic ikakwera, ya jasmonic imatsika, ndipo mbewu imene yakonzekera vairasi imakhala yofooka kwa mbozi ndi chuku chowoletsa. Ichi ndi chifukwa chija chosasinjira asipirini. Adani nawo amapezerapo mwayi pa mpata umenewu. Bakiteriya wa matimati uja amapanga mankhwala ofanana ndi asidi wa jasmonic. Mbewu imanyengeka, imatsegula njira yolakwika, yoyenera n'kutsika. Bakiteriya wa chiwawu cha chinangwa, wotchedwa Xanthomonas, ndiye amaposa pamenepo. Amabaya m'selo puloteni yake yomwe imagwira ntchito ngati wotsegula majini. Imalowa mu nyukiliyasi, n'kukatsegula jini la chinangwa lotulutsa shuga kunja kwa selo, kumene bakiteriyayo akudikira. Ndi kiyi amene bakiteriyayo wadzisulira yekha.

Ngakhale ethylene ali ndi mbali ziwiri. Madontho akuda olowa m'kati amene amatuluka pa mango, mapeyala ndi nthochi zikapsa sayamba tsiku limenelo. Kachilombo kake kamakhala katakakamira pakhungu chipatso chikadali mumtengo, kali phee. Chipatso chikayamba kupsa, khungu limafewa, mankhwala achitetezo a chipatso chachiwisi amachepa, ndipo kachilomboko kamadzuka. Mpweya womwewo umene umathandiza tsamba kulimbana ndi chuku, pachipatso umatsegula njira ya kuwola.

Tsopano ku minda ya mpunga. Chigawo cha Zambezia ndicho chimalima mpunga wochuluka m'Mozambique, ndipo madzi osefukira ndi mdani wake wakale. Anthu a mbali zonse ziwiri za malire sanaiwale namondwe Freddy wa mu Marichi 2023, amene analowera cha ku Quelimane n'kudzakhuthula mvula ku Milange, Mulanje ndi Phalombe. Mpunga ukamira, ethylene amalephera kutuluka m'masamba, amaunjikana, ndipo mbewu imadziwa kuti ili pansi pa madzi. Mpunga wamba umayankha potalika mofulumira kuti ufike pamwamba. Madzi akakhala akuya, umatha chakudya chake chonse usanafike, ndipo akaphwa umangogwa n'kufa. Koma alimi a ku Odisha, m'dziko la India, anali ndi mtundu wakale umene umapirira pafupifupi masabata awiri uli m'madzi. Mu 2006, gulu la Pamela Ronald ndi David Mackill linalengeza kuti lapeza jini lake, lotchedwa Sub1A, ndipo linapezeka kuti ndi la banja la ERF. Ethylene akaunjikana, wotsegula ameneyu amaletsa mbewu kutalika. Imangokhala, ikusunga chakudya, mpaka madzi aphwe. Jinili linalowetsedwa mu mtundu wotchuka wa Swarna pokwatitsa mbewu basi, ndipo alimi a ku India anaulandira mu 2009. Jini limodzi, la wotsegula mmodzi, linasintha khalidwe la mbewu yonse.

N'chifukwa chake obereketsa mbewu amawayang'anitsitsa otsegula majini. Koma ntchito ya kusankha mbewu zopirira inayamba kale mayina onsewa asanadziwike. Nandolo, amene alimi a Milange amagulitsa kwambiri, ali ndi matenda a kufota, oyamba ndi kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Fusarium. Kamalowera kumizu n'kukwera m'misempha yodutsa madzi. Patsinde pamaoneka mzere wofiirira wokwera kuchokera pansi, ndipo likang'ambidwa pakati, m'kati muli mizere yakuda. Chomera chimene chazindikira msanga chimatseka misempha yochepa imene mdani walowamo, madzi n'kumayendabe mu inayo. Chochedwa chimatseka kachilombo katafalikira kale, ndipo chimafa ndi ludzu nthaka ili yonyowa. Mtundu wa Sauma, umene unatulutsidwa ku Malawi mu 1987 mothandizidwa ndi bungwe la ICRISAT, ndi wopirira matendawa. Njira yopezera mitundu yotere inali yachindunji: kubzala nandolo wa mitundumitundu m'nthaka yodzaza ndi kachilomboko, n'kuona wotsala.

Omvera angadzifunsenso apa: mbewu imene amasunga chaka ndi chaka amaitenga ku zomera ziti, zimene zapirira kapena zilizonse zimene zatsala m'nkhokwe?

Chitetezo cha mbewu chili ndi malire, ndipo nthochi ndizo mboni. Matenda a chisaka, amene anatha nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje, amayamba ndi vairasi wofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndi mphukira zodwala. Masamba amatuluka aang'ono, oimirira, othithikana pamwamba, ndipo mkoko subwera. Vairasiyu ali ndi mapuloteni ake ofooketsa chitetezo cha selo, ndipo phata limene lagwidwa silichira. Mu 2013 ku Monapo, m'chigawo cha Nampula, kunapezekanso mtundu woopsa wa Fusarium wa nthochi wotchedwa TR4, umene umakhala m'nthaka zaka zambiri ndipo umayenda ndi dothi la ku nsapato, makasu ndi matayala. Chinangwa nacho chili ndi matenda a vairasi owoletsa mizu, ofala kwambiri cha kunyanja m'Zambezia ndi Nampula. Masamba amatha kuoneka bwino ndithu, koma pokumba n'kudula muzu, m'kati muli zigamba zouma zofiirira zosadyeka.

Mbewu zimenezi zimabzalidwa ndi mphukira ndi mitengo, osati njere, choncho munda wonse nthawi zambiri umakhala wa majini ofanana. Mdani amene wagonjetsa chomera chimodzi wagonjetsa zonse, ndipo matenda a kholo amapita ndi mtengo wobzala. Pa matenda otere alangizi a zaulimi amanena zofanana mbali zonse ziwiri za malire: phata la nthochi lodwala lizulidwe lonse ndi mizu yomwe, nsabwe zake ziphedwe lisanasunthidwe, ndipo mphukira kapena mitengo ya chinangwa yobzala ichokere m'munda umene mlimi wauona yekha kuti ndi wathanzi, osati pamtolo wongogula panjira.